Nsonga ya Mpeni Wopinda

Ajira analakwitsa chifukwa cha chifundo, ndipo kulakwa kwa mtundu umenewo n'kumene kumaluma kwambiri. Linali Lachisanu la mwezi wa Novembala, dzuwa la ku Lungwena likuwotcha ngati munthu analilakwira. Atatsitsa mchenga wa ulendo wachitatu pamene mphunzitsi wina ankamanga nyumba kumsewu, anayang'ana ng'ombe zake ziwiri zikupuma ndi nthiti zomwe, n'kuzimvera chisoni. Anazibweza kwawo, anazimasula pagoli, n'kukazimangirira pamthunzi kuseri kwa nyumba. Mthunziwo unali wa mtengo wa mango a maboloma, ndipo mphepo ya dzulo lake inali itayoyola aawisi ambirimbiri pansi.

Ng'ombe ziwirizo, Kapitawo ndi Sajeni, ndizo zinali bambo wa pakhomopo. Bambo weniweni, Yunus, anapita ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo kukasaka mwayi, ndipo ayenera kuti anaupeza, chifukwa chaka chachiwiri chisanathe foni yake inaiwala njira ya ku Lungwena. Ajira analira, inde, koma ana sadya misozi. Anagulitsa makina ake osokera ndi gawo lake la ukonde wa malemu bambo ake, n'kugula ngolo ndi ng'ombe ziwiri zofula. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti: mkazi kuyendetsa ngolo! Omwewo ndi amene pambuyo pake ankalawirira pakhomo pake kudzapempha kuti awatutire njerwa. Ana ake awiri ankadya, kuvala ndi kupita kusukulu chifukwa cha makosi awiri amenewo, ndipo goli silisenzedwa ndi khosi limodzi. Ng'ombe imodzi ikafa, ngolo nayo yafa.

Anali atangomwa madzi pakhonde pamene anamva Sajeni akulira kulira kwachilendo. Atathamangira kuseri anapeza Kapitawo atatangadza miyendo, khosi atalitambasula, dovu likuyenderera mpaka pansi. Ankayesa kutsokomola koma osatuluka kanthu. Ajira anamusisita pakhosi ndipo anachipeza: chotupa cholimba, kukula ngati chibakera, chitakhala pakati pa mmero. Boloma lathunthu. Mbali ya kumanzere ya mimba inali itayamba kale kutukumuka. Anaiomba ndi dzanja, inalira ngati ng'oma.

Anaimbira foni a Gilford, alangizi a ziweto. A Gilford anali munthu wakwina, wotumizidwa kuno pantchito, koma ng'ombe za dera lonselo ankazidziwa ndi mayina omwe.

"Mayi, ndili ku Makanjira, tikubaya katemera," anatero. "Ngakhale nditanyamuka pompano, ndi maola atatu kuti ndifike."

"Ndiye ndiziyang'ana ikufa, bambo?"

"Ayi, mvetserani. Ng'ombe imakhala ikugeya tsiku lonse. Boloma latseka njira, ndiye mpweya ukudzadzana m'chifu. Ukafinya mapapo, basi yapita. Musalikankhe ndi mtengo, mung'amba mmero. Boolani mimba, mpweya utuluke."

"Ndiboole? Ine?"

"Inuyo. Kumanzere, mayi, mwamva? Kumanja kuli matumbo. Kumanzere, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, pamene patukumuka kwambiri. Pezani mpeni wowonda, wolimba, wansonga. Mubaye kamodzi mwamphamvu, kenako mulowetsepo kansungwi kobowoka kuti bowo lisatsekeke."

"Ndili ndi nthawi yochuluka bwanji?"

"Ikadali chiimire, muli nayo. Ikagona pansi, ndiye thamangani."

Nkhani ya ng'ombe yodwala imathamanga kuposa ya maliro. Ajira asanatsitse n'komwe foni pakhutu, anthu anali atayamba kulowa mumpanda, nkhope zili zachisoni, mitu akupukusa. Chisoni chinalipo ndithu, tisawanamizire. Koma amayi angapo anali atabisa timabeseni m'zitenje, poti nyama ya ng'ombe yogwa imatsika mtengo, ndipo wochedwa amapeza ziboda zokha. Amene anabwera chimanjamanja anali Malita, mnansi wa kuseri kwa mpanda, Mkhristu wa ku Malindi amene anakwatiwa m'mudzimo.

"Achemwali, ndithandize chiyani?" anafunsa Malita.

"Mipeni. Yonse imene muli nayo. Mundipezerenso kansungwi kobowoka."

Mipeni ya m'makhitchini mwathu mukuidziwa: yosulidwa pamsika, kutsogolo kobulungira, yabwino kutumbulira utaka ndi kudulira masamba. Ajira anaiyesa umodziumodzi pa chingwe chachikopa cha pagoli. Wake unapindika pomwepo. Woyamba wa Malita unaguluka pachigwiriro, wachiwiri unangoterera. Chikopa cha ng'ombe si tomato.

Apa m'pamene anakumbukira jekete la Yunus. Linali likadali pamsomali kuchipinda, ndipo m'thumba mwake munali mpeni wopinda umene mwiniwake ankaunyadira kuposa mmene ananyadirapo mkazi wake. Chitsulo chake chinali chenicheni, chowonda, cholimba, chosachita dzimbiri. Koma Yunus, poti ndi Yunus, anathyola nsonga yake potsegula chitini cha penti, n'kulonjeza kuti adzaukonza mawa. Mawa lakelo linapita naye ku Joni. Kutsogolo kwa mpeniwo kunali kodukiratu, kotakata ngati dzino la munthu. Ajira anautambasula, anamutukwanira mumtima mwamuna amene anali kutali kosamva, n'kugwada pakhonde kuyamba kuukwecha pa simenti ya sitepe.

Che Sumani anamupeza ali pamenepo. Anali mjomba wake, mlongo wa malemu mayi ake, ndipo kwa zaka makumi anayi panalibe mbuzi kapena ng'ombe imene inadyedwa m'mudzimo osadutsa m'manja mwawo. Anali atasamba kale, atavala mkanjo woyera ndi kofiya kukonzekera swala ya Ijumaa, pemphero la Lachisanu kumzikiti, mpeni wawo wochinjira atauzenga munsalu. Pobwera anadzera kuseri, ndipo zimene anaonako zinali zitawakwanira.

"Abiti Amidu," anamuitana ndi dzina la bambo ake monga ankachitira pagulu, "tadzukani tikambirane."

"Ndikumva ndili pompano, amjomba." Sanaleke kukwecha.

"Ng'ombe ija sitenga nthawi. Ikafa yokha ndi haramu. Sitidya, sitigulitsa, tingokumba dzenje. Koma ndikaichinja ikadali kupuma, nyama ndi yanu, chikopa ndi chanu, mupeza pogwira."

"Pogwira pake pati? Nyama ya lero ingagule ng'ombe ya pagoli? Kapitawo ndinamuphunzitsa miyezi isanu ndi itatu, amamva mawu anga osamukhudza. A Gilford akuti ndiboole mimba, achira."

"A Gilford ali ku Makanjira. Kuchiza ng'ombe pafoni n'kosavuta. Nanga mukaboola, iyo n'kufa?"

"Ndiye kuti ndataya zonse."

"Mwanena nokha."

"Ndibwerekeni mpeni wanuwo."

Che Sumani anavundukula nsalu kuti Ajira aone yekha. Mpeni wawo unali wautali ngati mkono, wotakata zala zinayi, kutsogolo kobulungira, pakuti wochinjira safuna nsonga. "Uwu ndikaulowetsa m'mimba ndiye kuti ndatumbula," anatero, n'kuuzenganso. Anamuyang'ana mwana wa mlongo wawoyo, n'kuusa moyo. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ng'ombe ndi yanu. Sindiikhudza musanandilole. Koma ine ndikukakonzeka, ndipo ndikakuitanani mundiyankhe."

Anatembenuka kuti azipita, koma miyendo inakana. Munthu wa mipeni sangapirire kuona mpeni ukuzunzidwa. Ajira ankakwecha mbali yakuthwa, kufuna kuikweza kuti ikakumane ndi msana, ndipo chimene chinkatha inali simenti, mpeni ukungobunthirabunthira.

"Mukuupha mpeniwo!" anakalipa Che Sumani. "Mbali yakuthwa isiyeni, ndi imene idule chikopa. Dyetsani msana. Tsitsani msana mpaka ukapeze kuthwa, nsonga ibadwira pamenepo. Ndipo simenti yanuyo ndi phala. Mwala wonolera nkhwangwa uli kuti?"

Unali pafupi ndi nkhokwe, kutsogolo kwa nyumba, mwala waukulu wozikika m'dothi, pakati pake patakumbika.

"Thiranipo madzi ndi mchenga wa m'ngolo." Anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa kamwala kawo kakuda kosalala, kamene sankabwereka munthu aliyense, n'kukaika pambali pake. "Aka n'komalizira." Atatero anazungulira kuseri kwa nyumba kumene kunali ng'ombe.

Ajira anakulunga chitsulo ndi kansanza, anachitsina ndi zala za manja onse, msana wa mpeni uli pamwala, n'kuyamba: kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo. Mchenga unkalira pansi pa chitsulo moti mano ankanyerenyetsa. Madzi anada. Thukuta linkatsika pamphumi, kulowa m'maso, kudontha pamwala. Atapukuta mpeni kuti aone pamene wafika, mtima unamugwa. Ngodya inali itangolumidwa pang'ono, ngati mbewa yalawa chinangwa. Kulimba kwa chitsulo kuja, kumene kunamupatsa chiyembekezo, ndiko kunasanduka mdani wake.

Anakanikiza kwambiri. Mapewa anayamba kutentha. Mumtima munkabwera zinthu zimene sanaziitane: iye ali kudoko akutumbula nsomba za eni ake kuyambira m'mawa mpaka kumadzulo, Nadia, mwana wake wamkulu amene anali Fomu 3, akuvula yunifolomu, pakuti wamalonda wina wa ku Mangochi anali atayamba kale kufunsa za iye kudzera mwa anthu. Ajira ankaopa, ndipo ankadzida. Mtengowo anaudzala yekha. Maboloma anawaona ali mbwee pansi. Anawaona ndi maso ake awiri, n'kungoganiza za mthunzi.

Malita anabwera ndi kachidutswa ka nsungwi, kotalika ngati chikhatho, atakasongola mbali imodzi. Anagwada n'kuyamba kuthira madzi ndi mchenga osauzidwa.

"Akadali chiimire?" anafunsa Ajira osadzutsa mutu.

"Akadali. Koma akudzandira."

"Mimba?"

"Kwechani, achemwali. Musandifunse."

Msana unayamba kutsika. Dzino lija linachepa, linasanduka ngati njere ya chimanga. Kansanza kanang'ambika, mfundo za zala zikukhula pamwala, khungu likutsala pamenepo, koma Ajira sankamva. Kutsogolo, kumbuyo. Ankanong'ona mapemphero onse amene ankawadziwa, ndipo atatha anayamba kungotchula dzina la ng'ombe.

Kenako pansi panagunda, ngati thumba la chimanga lagwa kuchoka m'ngolo. Sajeni analira. Amayi kuseri anakuwa.

Ajira anaimirira theka, n'kuyang'ana mpeni. Njere ya chimanga inali ikadalipo. Akathamanga nawo chomwecho, ukangodunda pachikopa n'kubwerera. Akakhala, Kapitawo afa iye ali kutsogolo kwa nyumba akusewera ndi mwala. Ndani anayamba wasankhapo zotere? Anagwadanso. Kuseri kunkamveka mawu a amuna: "Gwirani uko! Kokani mwendo! Tembenuzani!" Iye anaganiza kuti akuyesa kuidzutsa, ndipo anawadalitsa mumtima.

Azana yoitanira anthu kuswala inamveka kuchokera kumzikiti. Amuna anayamba kutuluka mumpanda mmodzimmodzi, akusasa fumbi m'mikanjo, akumudutsa Ajira maso ali kumbali. Womaliza anaima pakona ya nyumba n'kuitana, "Che Sumani, swala ikudutsani!"

"Pitani," anayankha mawu a mkuluyo kuseri. "Mwini swala akudziwa kumene ndili."

Chikhalire Ajira anali asanamvepo kuti mjomba wake wajomba Ijumaa, ngakhale tsiku limene anaika mkazi wawo m'manda. Misozi inayamba kutsika, koma manja sanaime. Njere inachepa ngati ya mapira.

"Ajira!" Ulemu wa Abiti Amidu unali utatha. "Iwe Ajira! Maso akutembenuka! Ndilole!"

"Ayi!"

"Lilime lada! Ndilole, mwanangu, usataye zonse!"

"Ayi, amjomba! Ayi!"

Anakwecha ngati wamisala, akulira mokweza, mamina ndi thukuta zili pamodzi. Ndipo mwadzidzidzi chala chinamva kubaya. Msana unali utakumana ndi kuthwa. Nsonga yake inali yopendekeka, yonyansa, yokandikakandika, yoti wosula aliyense akanailavulira, koma inali nsonga. Anatola kamwala kakuda, anadutsitsa kangapo mbali iyi, kangapo mbali inayo, n'kubaya chingwe chachikopa chija. Mpeni unatulukira kuseri. Ajira anathamanga, Malita ali pambuyo ndi kansungwi.

Atazungulira nyumba anaima ngati wamenyedwa mbama.

Amuna aja sankaidzutsa ng'ombe. Ankaikonza. Ndipo anaikonza bwino kwambiri, monga anthu odziwa ntchito yawo. Miyendo anaimanga ndi zingwe, pansi pa khosi anakumbapo kadzenje ka magazi, nkhope anailozetsa ku Maka, ndipo anaigoneka mmene chiweto chochinjidwa chimagonera: chakumanzere. Pamalo pomwe panayenera kubayidwa panali pansi, pataponderezedwa ndi ng'ombe yathunthu. Che Sumani anali atagwada kumutu, dzanja lina lili panyanga, mpeni uli pamwamba pa mmero.

"Mwaigoneka bwanji chonchi?" anakuwa Ajira.

"Mmene imagonera. Nanga ikanagona bwanji?"

"Pobaya pali pansi! Ndi kumanzere, amjomba!"

Nkhope ya mkuluyo inagwa. "Subhanallah. Sunanene."

Sananene, n'zoona. Anangoti aboola mimba. Ndipo iwo akanafunsa chifukwa chiyani? Chiyambire ng'ombe imagona chakumanzere, ndipo palibe amene anadandaulapo.

"Ingobayani kumanja komweko," anatero mayi wina.

"Kuli matumbo!"

Kapitawo ankapuma timpweya tating'ono, tapatalipatali, mimba itakwera kuposa msana. Amuna asanu ndi mmodzi ndi amene anamutembenuza, ndipo onsewo tsopano anali atavula nsapato kumzikiti. Pabwalopo panatsala nkhalamba imodzi, Malita, ndi amayi asanu ndi atatu a timabeseni. Ajira anawayang'ana. Ankadziwa chimene anadzera, ndipo iwo ankadziwa kuti akudziwa. Anagwada m'fumbi.

"Amayi anzanga, chonde. Ndilibe china. Chonde."

Pamenepa ndibweze mawu anga ena a timabeseni aja. Kabeseni koyamba kanagwa pansi, ngwee, n'kugubuduka, ndipo kanali ka Abiti Swadick, mayi wa pakamwa amene anaseka kwambiri tsiku limene ngolo inafika. Anamanga chitenje m'chiuno n'kutola chingwe cha miyendo yakumbuyo. "Mukuyang'ana chiyani?" anakalipira anzake. "Simunaonepo khoka likukokedwa?"

Anagawana. Ena anagwira zingwe n'kuzidutsitsa pamwamba pa mimba kupita mbali ya kumsana, ena anagwira miyendo kuti aikweze, Che Sumani anaika mpeni wawo pambali n'kugwira nyanga zonse ziwiri. Anakoka. Ng'ombe inadzuka pang'ono n'kubwerera. Anakokanso, chingwe chinapsetsa zikhatho, mayi wina anagwa chagada. Ng'ombe inabwereranso, n'kubuula kamodzi, mawu oti munthu sangafune kuwamvanso.

"Kamodzi kokha!" anakuwa Abiti Swadick. "Tonse pamodzi! Eee, kokaa!"

Miyendo inaloza kumwamba, inaima pamenepo ngati ikuganiza, kenako inagwera mbali inayo. Fumbi linakwera. Mbali ya kumanzere inali pamwamba, yotukumuka, yolimba ngati tayala la galimoto.

Ajira anagwada kumsana kwake. Anapapasa nthiti yomaliza, anapapasa fupa la m'chiuno, ngakhale zonse zinali zitamira m'kutupa. Anasankha pakati. Anagwira mpeni m'dzanja lamanja, anati "Bisimillahi," n'kubaya ndi mphamvu zonse zimene zinamutsalira.

Koma mpeni wopinda ndi wopinda. Nsonga inaluma chikopa, inapendekeka, ndipo chitsulo chinabwerera kwawo m'chigwiriro, n'kupeza zala za Ajira zili panjira. Sanamve kuwawa. Anangoona magazi akuyenda pa ubweya wa Kapitawo, n'kudabwa kuti mpweya sukutuluka. Malita ndi amene anakuwa.

"Patse kuno!" Che Sumani anasiya nyanga, anamufumbatula dzanja, n'kutambasula mpeni. "Mphira! Wina apeze mphira!"

Malita anathamangira njinga imene inatsamira pampanda n'kusolola mphira yomangira katundu. Che Sumani anatola kamtengo kolimba, anakagoneka motsatira mfundo ya mpeni, n'kukulunga mphira mokoka, kuzungulira, kuzungulira, mpaka mpeniwo unaiwala kupinda. Wina anali atakulunga dzanja la Ajira ndi mpango, ndipo mpangowo unali utafiira kale.

"Ndionetse pobaya, ndibaye ine," anatero mkuluyo.

"Gwirani mutu, amjomba. Akagwedezeka andiphonyetsa."

Anatenga mpeni ndi dzanja lamanzere, anaika nsonga pa kabala kamene kanatsala poyamba, anasanjikapo dzanja lovulala, n'kudziponyapo ndi chifuwa chonse. Chikopa chinakana, chinakana, kenako chinalola. Mpeni unamira mpaka pamphira.

Panamveka kulira kwa mpweya, kopyapyala poyamba, ngati chubu chabooka. Ajira anapotoza mpeni kuti bowo litseguke, ndipo Malita anakankhira kansungwi m'mbali mwa chitsulo mpaka kanalowa. Apo ndiye unatuluka weniweni, ukuimba mluzu, ndi fungo loti amayi onse anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Ajira sanasunthe. Fungo limenelo linali lokoma kuposa lililonse limene anamvapo. Pansi pa mkono wake mimba inayamba kutsika, pang'onopang'ono, chikopa chikufewa, fupa la m'chiuno likuonekeranso.

Koma Kapitawo sankapuma. Onse anayang'ana nthiti. Dzanja la Che Sumani linayamba kufufuza m'fumbi kumene anaika mpeni wawo, ndipo Ajira analiona, koma sanaliletse. Zala za mkuluyo zinakhudza chigwiriro. Pomwepo nthiti zinakwera, zinakwera, zinakwerabe, ndipo ng'ombe inakoka mpweya wautali wophokosera, n'kuutulutsa, n'kukokanso wina.

Che Sumani anabweza dzanja lawo ngati akhudza moto. Anakhala pansi ndi mkanjo wawo woyera, umene tsopano sunalinso woyera. Kenako anakwawira pakhosi pa ng'ombeyo.

"Masulani miyendo," anatero. "Mutu muutsitse. Mmero uwu ine ndimaudziwa."

Ankaudziwadi. Zaka makumi anayi zala zimenezo zinkapapasa mimero kufuna podula, ndipo zinkadziwa pamene pali kholingo, pamene pali mtsempha, ndi pamene chakudya chimadutsa. Anaika zala zazikulu ziwiri kunsi kwa chotupa, mbali iyi ndi iyo, n'kuyamba kuchikama chokweza. Chinakana. Anadikira ng'ombe imeze dovu, n'kukankhanso. Chinasuntha pang'ono. Anapitiriza chomwecho, akuilankhula ng'ombeyo m'Chiyao motsitsa mawu ngati akunyengerera mwana. Chotupa chitafika pansi pa chibwano, Kapitawo anadzikoka, anatsokomola, ndipo boloma linagwa m'kadzenje ka magazi kaja, lobiriwira, loterera, lili ndi chipsera cha dzino limodzi lokha.

Ng'ombe inageya. Abiti Swadick analuluta, ena n'kulandira. Kapitawo anadzigubuduza n'kukhalira chifuwa, mutu uli m'mwamba, akuyang'ana anthu ngati akudabwa kuti asonkhanira chiyani pakhomo pa eni ake.

Ajira anali akadagwada, dzanja lamanzere lili pa kansungwi. Tsopano m'pamene ululu unafika, ndipo unafika wonse nthawi imodzi, kuchokera kuzala mpaka m'khwapa. Malita anamasula mpango mosamala n'kuthira madzi. Che Sumani anasendera pafupi, anatenga dzanjalo n'kuliika pa bondo lawo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Bala linadutsa pamwamba pa zala ziwiri zapakati, lakuya, pansi pake pakuoneka zoyera.

"Wongola zala," anatero.

Ajira anawongola. Chachikulu chinawongoka, cholozera chinawongoka, chaching'ono chinawongoka. Ziwiri zapakati zinangolendewera. Anayesanso, akuziyang'anitsitsa, akuzilamula ndi mtima wonse. Sizinamve.

"Malita, thamanga ukaitane wa njinga yamoto, apite naye kuchipatala," anatero Che Sumani. "Nsungwiyi ndigwira ine mpaka a Gilford afike."

"Zidzawongokanso, amjomba?"

Mkuluyo anali atadula mitsempha yambiri pamoyo wawo, ndipo anali asanaonepo umodzi ukulumikizana. Sanafune kunama, sanafunenso kunena. "Madokotala ali ndi nzeru zawo, mwanangu. Ine sindikudziwa."

Ajira anayang'ana zala zake ziwirizo, kenako anayang'ana nthiti za Kapitawo zikukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika.

"Chikwapu ndiphunzira kugwirira kumanzere," anatero. Anatsamira mphumi pamsana pa ng'ombe yake, n'kulira mpaka njinga yamoto inafika.